Lipoti la nkhani: kapitawo mmodzi, antchito awiri, mafomu awiri osiyana

Mafomu awiriwo anafika patebulo panga motalikirana masabata atatu, onse kuchokera ku ofesi yoona za ogwira ntchito pakampani ina yosunga ndi kutumiza katundu. Ntchito yanga ndi yopereka uphungu wa zamaganizo, ndipo kampaniyi ndi imodzi mwa amene amanditumizira antchito awo zinthu zikavuta. Fomu yoyamba inali ya mayi wa zaka 34, kalaliki wowerengera katundu. Pamzere wa chifukwa chowatumizira analembapo kuti: "Amalira kuntchito, sachedwa kukhumudwa, athandizidwe kulimba mtima." Yachiwiri inali ya bambo wa zaka 46, wolandira ndi kutulutsa katundu m'nyumba yosungiramo. Apa analemba kuti: "Mwano kwa akuluakulu, kujomba Lolemba, tikuganiza kuti ndi mowa."

Dipatimenti inali yomweyo. Siginecha ya kapitawo pansi pa mafomu onse awiri inali yomweyonso. Koma ine ndinawerenga zimene zinalembedwa, n'kuika mayiwo m'gulu la ovutika ndi nkhawa, bambowo m'gulu la ovutika ndi mowa. Panatha masabata 7 ndisanazindikire kuti ndikumva nkhani imodzi kuchokera kwa anthu awiri, ndipo lipotili ndalilemba makamaka chifukwa cha masabata amenewo.

Onse awiri anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe. Ndiwatchula kuti Mayi A ndi Bambo B, ndipo ndasintha zina ndi zina zimene zikanawaulula.

Mayi A

Anali atagwira ntchito pakampanipo zaka 6 opanda kalata yochenjeza ngakhale imodzi. Kapitawo watsopano anabwera miyezi 14 tisanakumane. Mayiwa amakumbukira bwino tsiku limene zinthu zinatembenuka: pamsonkhano wa dipatimenti ananena, mwaulemu malinga ndi mmene akufotokozera, kuti ziwerengero za katundu zimene kapitawoyo anaonetsa sizinkagwirizana ndi zimene zinali m'kompyuta. Zimene ananenazo zinali zoona. Kapitawoyo anangomwetulira n'kunena kuti, "Tili ndi madamu odziwa zonse pano." Dzinalo linakakamira.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono, chilichonse chaching'ono moti pachokha sichikanakhala dandaulo. Dzina lawo linayamba kusowa pamaimelo a dipatimenti, kenako n'kumafunsidwa pagulu chifukwa chake sakudziwa zimene zinalengezedwa. Ankapatsidwa ntchito ya masiku awiri nthawi yoweruka itatsala pang'ono, n'kuuzidwa kuti ifike mmawa. Ntchito yawo yaikulu, yoyanjanitsa mabuku a katundu pakutha pa mwezi, inapatsidwa kwa mnyamata amene iwo anamuphunzitsa, iwo n'kusiyidwa ndi kusanja mafailo akale. Patapita miyezi iwiri, pofotokoza za kagwiridwe kawo ka ntchito, kapitawoyo analemba kuti sathandiza kwenikweni dipatimenti. Atapempha tchuthi cha masiku awiri mwana wawo atadwala, anawayankha anthu akumva kuti, "Ndi mmene alili azimayi, thupi pano, mutu kunyumba."

Nditawafunsa chimene chinawapweteka kwambiri pa zonsezi, sanatchule kapitawoyo. Anatchula azimayi anzawo atatu amene ankakhala nawo limodzi nthawi yopuma. Mmodzimmodzi anayamba kupeza zifukwa, mpaka tsiku lina atalowa m'chipinda chopumira macheza anangoti zii. "Bwana akandinyoza ndinkadziwa kuti ndi bwana," anatero. "Koma awa tinkaseka limodzi."

Anakadandaula ku ofesi yoona za ogwira ntchito kawiri. Ulendo woyamba anauzidwa kuti bwana wawoyo ndi wolimba chabe, asamaike zinthu kumtima. Ulendo wachiwiri analira ali m'kati mofotokoza, ndipo misozi imeneyo ndi imene inabala fomu inafika kwa ine.

Pamene ndinkawaona koyamba ankadzuka cha m'ma 3 koloko usiku osagonanso. Lamlungu madzulo mtima unkathamanga ndipo m'mimba munkapota. Imelo ya mizere itatu ankaiwerenga kasanu asanatumize. Mutu unkawawa pafupifupi tsiku lililonse. Pa PHQ-9, mafunso 9 oyezera kuvutika maganizo amene malire ake ndi 27, anapeza 16. Pa GAD-7, oyezera nkhawa, anapeza 15 pa 21. Maganizo odzipha analibe. Chiganizo chimene ankabwereza chinali chakuti, "Mwina vuto ndine." Munthu amene kwa zaka 6 mabuku ake sanasemphanepo anali atayamba kukayikira ngati amatha kuwerenga.

Bambo B

Awa anali atakhala pakampanipo zaka 17. Analowa, anakhala pampando, anapinda manja. "Ine sindikudwala. Andiuza kuti ndibwere, ndabwera." Mafomu anga anadzaza mwachangu ngati munthu wosaina risiti. Pa PHQ-9 anapeza 6, zomwe papepala n'zochepa. Pa AUDIT, mafunso 10 a bungwe la WHO oyezera kamwedwe, anapeza 13, ndipo kuyambira pa 8 timati munthu akumwa moika moyo pachiswe. Manambalawo anagwirizana ndi fomu, ine n'kukhutira.

Maulendo atatu oyamba tinkakamba za mowa. Anavomera kuti amamwa kwambiri kuposa kale, ndipo anati zinayamba chaka chapitacho. Nditafunsa chimene chinasintha chaka chimenecho anati, "Kutopa basi." Nditafunsa za kuntchito anati, "Ntchito ndi ntchito." Ndinalemba m'kope langa kuti sakufuna kumasuka, ndipo ndikaona mzere umenewo lero ndimachita manyazi, chifukwa vuto linali mafunso anga. Ndinkawafunsa mmene akumvera mumtima, funso limene kwa iwo linalibe khomo lolowera.

Ulendo wachinayi ndinasintha. Ndinawapempha kuti andifotokozere Lolemba wamba, kuyambira polowa pageti mpaka poweruka, ola ndi ola, ngati akulangiza munthu wobwera kudzawagwirira. Pamenepo ndiye analankhula mphindi 40 osaima.

Kapitawo yemwe uja, wocheperapo kwa iwo ndi zaka zoposa 10, ankawaitana pa wailesi yolankhulirana ya m'nyumba yosungira katundu, imene aliyense amamva, kuti "madala aja ali kuti, agonanso?" Kampani italowetsa pulogalamu yatsopano ya pakompyuta, anzawo onse anatumizidwa kokaphunzira, iwo ayi, kenako n'kumaimitsidwa pamaso pa anyamata kuti asonyeze mmene amalowetsera katundu. Mashifiti awo ankasinthidwa usiku, uthenga n'kufika mochedwa kapena osafika. Makiyi a chipinda cha katundu wodula, amene anawasunga zaka 9 osasowetsa kanthu, anawalanda popanda chifukwa n'kupatsa wina. Ndipo kapitawoyo, amene polankhula ndi madalaivala ndi alonda ankati "inu", polankhula ndi Bambo B ankati "iwe". Atafika pamenepa anaima kaye, n'kubwereza mawuwo motsitsa: "Iwe. Pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa kunyamula bokosi."

Mwano wolembedwa pafomu uja unachitika kamodzi. Patatha miyezi 11 ya zimenezi, kapitawoyo anawafunsa pagulu kuti, "Mwamuna wanji iwe wolephera kudina batani?" Bambowa anaponya pansi bolodi yolembera n'kukalipa. Tsiku lomwelo analandira kalata yochenjeza.

Ndinawafunsa ngati akuona kuti akupezereredwa. Anaseka. "Kupezereredwa ine? Ndine mwana wasukulu? Ndi kusamvana chabe, amuna timatero." Kenako, akuvala jekete kuti azipita, anawonjezera kuti chimene chimawatopetsa ndi nyimbo ya tsiku ndi tsiku ya kapitawoyo: "Chitseko chili apo, ofuna ntchito ali mbwee panja."

Mawu amenewo, ndendende, anali kale m'kope langa. Anandiuza Mayi A masabata asanu m'mbuyomo. Atatuluka ndinatenga mafomu awiri aja n'kuwaika pamodzi, ndipo ndi pamene ndinaona siginecha.

Ulendo wotsatira sindinawapatse pepala. Mafunso a PHQ-9 ndinawafunsa pakamwa, limodzilimodzi, m'mawu a tsiku ndi tsiku. Zinatuluka kuti amagona maola atatu kapena anayi, kuti mowa ndi wogonetsa, kuti Lolemba amavala yunifomu n'kutuluka m'nyumba koma nthawi zina miyendo imakana kulowa pageti. Anasiya kucheza ndi ana awo chifukwa kanthu kakang'ono kankawapsetsa mtima. Pa funso lomaliza, la maganizo ofuna kufa, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati pobwerera kunyumba amaganiza kuti galimoto itawagunda zinthu zingaphweke kwa aliyense. Sanali atakonza njira kapena tsiku, koma maganizowo ankabwera kangapo pasabata. Ulendo uno anapeza 19. Tinalemba limodzi ndondomeko ya zoyenera kuchita maganizowo akakula, anavomera kuti akazi awo adziwe, ndipo ndinawatumiza kwa dokotala sabata lomwelo. Dokotalayo anapezanso kuti magazi awo akuthamanga kwambiri.

Mwa anthu awiriwa, amene ofesi inkamuona ngati wosweka anali Mayi A. Amene anali pafupi ndi manda anali Bambo B.

Kusiyanitsa nkhanza ndi kulimba kwa bwana

Funso limene mabwana amafunsa nthawi zonse ndi lakuti kodi uku si kungolimbikitsa ntchito? Ndi funso loyenera, ndipo lili ndi yankho. Heinz Leymann, katswiri wa zamaganizo amene anafufuza nkhaniyi ku Sweden kuyambira m'ma 1980, analemba mndandanda wa zochita 45 zankhanza za kuntchito, n'kuika malire akuti zizichitika kamodzi pasabata kapena kuposa, kwa miyezi 6 kapena kuposa. Ofufuza a pambuyo pake anatsindika mfundo ina: wochitiridwayo amakhala pamalo oti sangathe kudziteteza. Bwana wolimba amafuna zambiri kwa aliyense ndipo amapereka zipangizo zogwirira. Wopezerera amasankha munthu, kumulanda zipangizo, kenako n'kumuimba mlandu wolephera. Mayi A anachotsedwa pamaimelo n'kudzudzulidwa chifukwa chosadziwa. Bambo B anamanidwa maphunziro n'kusekedwa chifukwa chosatha. Kachitidwe kake n'kamodzi.

Onse awiri ndinawapatsa NAQ-R, mafunso 22 amene Ståle Einarsen wa ku yunivesite ya Bergen ku Norway anakonza ndi anzake. Ubwino wa mafunsowa ndi wakuti mwa 22 onsewo palibe limene limatchula mawu akuti kupezerera. Amangofunsa kuti m'miyezi 6 yapitayi ndi kangati munabisiridwa uthenga wofunika pantchito, kangati munanyozedwa, kangati munasalidwa, kangati munapatsidwa ntchito yotsika kuposa luso lanu. Manambala ake amayambira pa 22 kufika pa 110, ndipo kuyambira pa 45 munthu amawerengedwa kuti akuchitiridwa nkhanza zenizeni. Mayi A anapeza 58. Bambo B anapeza 63. Pa funso lapadera lakumapeto, lofunsa mwachindunji ngati munthu akudziona kuti akupezereredwa, mayiwo anati inde, bambowo anati ayi.

Za dzina la matenda sindinachedwepo. Onse awiri anali ndi zizindikiro zofanana ndi za munthu amene anakumana ndi zoopsa: kudzidzimuka, kupewa malo, kubwerezabwereza zochitika m'mutu. Leymann yemweyo anaona zimenezi mwa odwala ake. Koma malamulo a DSM-5, buku limene akatswiri amatsatira potchula matenda a maganizo, amafuna kuti pa PTSD, matenda obwera munthu akakumana ndi zoopsa, pakhale imfa kapena chiopsezo cha imfa, kuvulala kwakukulu kapena kugwiriridwa, choncho sindinalembe dzina limenelo. Dokotala analemba kuvutika maganizo kwa onse awiri, kuphatikizapo nkhawa kwa mayiwo ndi kumwa kowononga kwa bambowo.

Zimene kukhala mkazi kapena mwamuna kunasintha

Anthu awiri si kafukufuku, ndipo sindikufuna kumanga nyumba pa mizati iwiri. Komabe zimene ndinaona zikugwirizana ndi zimene ofufuza akhala akupeza, ndipo zikutsutsana ndi zimene maofesi ambiri amaganiza.

Choyamba ndi chida chimene wopezerera amasankha. Kapitawoyu sanagwiritse ntchito mkwapulo umodzi. Kwa Mayi A anatenga luso lawo n'kulisandutsa matama, anatenga umayi wawo n'kuusandutsa umboni wakuti sadalirika. Kwa Bambo B analasa pa msinkhu ndi pa umuna. Anadziwa pamene aliyense angamve kuwawa ndiponso pamene omvera angaseke nawo. Denise Salin wa ku Finland ndi Helge Hoel, amene analemba za nkhaniyi mu 2013, ananena kuti kupezerera kuntchito sikungamveke bwino tikachotsapo nkhani ya umuna ndi ukazi, chifukwa imalowa m'mene nkhanzazo zimachitikira, m'mene wozunzidwa amazitchulira, ndi m'mene oweruza amazionera. Kafukufuku wambiri wa kumaiko a ku Ulaya amasonyezanso kuti amuna amapezereredwa makamaka ndi amuna anzawo ndiponso ndi mabwana, pomwe akazi amazilandira kuchokera kwa amuna ndi akazi omwe, mabwana ndi anzawo apantchito omwe. Ndi mmene zinalili apa. Bambo B anali ndi mdani mmodzi ndi owonerera ambiri. Mayi A anali ndi mdani mmodzi ndi anzake amene anawathawa.

Pa azimayi atatu aja ndimapewa kuweruza msanga. Mmodzi anadzaulula pambuyo pake kuti ankaopa kuti akaoneka nawo limodzi adzakhala wotsatira. Kusala mnzako nthawi zina ndi nkhanza, nthawi zina ndi kubisala, ndipo kwa wosalidwayo ululu wake ndi umodzi.

Chachiwiri ndi kulankhula. Mu 2022 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, mogwirizana ndi mabungwe a Lloyd's Register Foundation ndi Gallup, linatulutsa kafukufuku woyamba wa dziko lonse pa nkhanza za kuntchito. Linapeza kuti wantchito woposa mmodzi mwa asanu alionse anakumanapo nazo, ndipo zofala kwambiri zinali zozunza maganizo, pafupifupi 18 peresenti. Mwa ozunzidwawo, pafupifupi theka okha ndi amene anauzako munthu wina, ndipo akazi ankaulula kuposa amuna: pafupifupi 61 peresenti poyerekeza ndi 50. Zifukwa zazikulu zokhalira chete zinali kuona kuti n'kutaya nthawi ndi kuopa kuipitsa mbiri. Anthu anga awiriwa anagawana zifukwazo. Mayi A analankhula kawiri n'kuona kuti n'kutayadi nthawi. Bambo B sanalankhule chifukwa mwamuna wa zaka 46 kukanena kuti mnyamata akumuvutitsa, kwa iwo, kunali kudzivula pagulu. Mawu akuti mwamuna salira sanawatchule, koma ndinkawamva m'chiganizo chilichonse.

Chachitatu, chimene ndimachiona kuti n'chachikulu, ndi mmene ofesi inawerengera zizindikiro. Misozi ya mayi inawerengedwa ngati chibadwa chake, choncho mankhwala ake akhale kumulimbitsa mtima. Mkwiyo wa bambo unawerengedwa ngati mlandu, choncho mankhwala ake akhale kalata. M'njira ziwiri zonsezi diso linachoka pa kapitawo n'kupita pa wovulala. Chikhala kuti Mayi A ndi amene anaponya bolodi, ndikukhulupirira kuti akanatchedwa wamisala. Chikhala kuti Bambo B ndi amene analira, sindikudziwa ngati akanabweranso kuntchito mmawa wake.

Anthu amakonda kufunsa kuti amavulala kwambiri ndani, mkazi kapena mwamuna. Funsoli limandivuta chifukwa yankho limadalira chimene ukuyeza. Kafukufuku wa ku Denmark wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti akazi opezereredwa ankakhala patchuthi cha matenda nthawi yaitali ndipo ankamwa kwambiri mankhwala a kuvutika maganizo, pomwe amuna sankaoneka kwenikweni m'kaundula wa odwala koma ankasiya ntchito n'kukhala kunja kwa ntchito kwa kanthawi. Wina wa ku Norway, wa Einarsen ndi Morten Birkeland Nielsen mu 2015, anatsatira antchito kwa zaka zisanu n'kupeza kuti kupezereredwa kunkalosera mavuto a maganizo a pambuyo pa zaka zisanuzo mwa amuna, osati mwa akazi. Wowerenga masiku a tchuthi adzati akazi. Wowerenga amene anangosowa pantchito adzati amuna. Palinso nkhani ya kuchepa: ku Norway komweko, kafukufuku wa 2004 pakati pa othandizira anamwino, ntchito imene akazi ndi ochuluka kwambiri, anapeza kuti amuna ndi amene ankapezereredwa kwambiri. Kukhala wosiyana ndi gulu kumaika munthu poyera, kaya ndi mkazi kaya ndi mwamuna.

Zimene zinachitidwa

Vuto langa loyamba linali la chinsinsi. Ndinkadziwa chinthu chimene aliyense wa iwo sankachidziwa, ndipo sindikanauza mmodzi za mnzake. Ndinapempha aliyense payekha chilolezo chokauza kampani kuti mavuto ake akukhudzana ndi mmene dipatimenti ikuyendetsedwera. Mayi A anavomera nthawi yomweyo. Bambo B anatenga masabata awiri, ndipo anavomera pokhapokha nditalonjeza kuti mawu akuti kupezereredwa sadzalembedwa pafupi ndi dzina lawo.

Ofesi yoona za ogwira ntchito inafulumira kunena kuti iyanjanitse Mayi A ndi kapitawoyo, akhale pansi akambirane. Ndinanena kuti sindikugwirizana nazo, koma ndinanena mofewa, ndipo zinachitika. Uku kunali kulakwa kwanga kwachiwiri. Kuyanjanitsa kumagwira ntchito pamene anthu awiri ofanana mphamvu asemphana. Pamene mmodzi ndi amene amasaina tchuthi cha mnzake, n'kumulembera lipoti la kagwiridwe ka ntchito, kuwakhazika patebulo limodzi n'kupereka wovulala m'manja mwa womuvulaza, mboni zili pomwepo. Kapitawoyo analankhula modekha ndi mwaulemu, anati akudabwa ndipo akumva chisoni kuti mayiwa amamva choncho. Mayi A ananjenjemera, anasokoneza masiku, analira. Olemba mfundo za msonkhanowo anatuluka akukhulupirira kwambiri zimene analemba pafomu ija. Sabata limenelo mayiwo sanagone masiku atatu.

Zitatero ndinalemba kalata kwa mkulu wa kampani, mosazungulira. Ndinapempha zinthu ziwiri: kuti dipatimenti yonse iyankhe mafunso a NAQ-R mosalemba maina, ndi kuti munthu wochokera kunja kwa kampani afufuze. Yankho loyamba linali lakuti ziwerengero za dipatimenti ya kapitawoyo n'zabwino kuposa kale. Ndinawapempha kuti aonenso ziwerengero zina zimene anali nazo kale m'mafailo awo: amene anasiya ntchito m'dipatimentimo chibwerereni kapitawoyo, ndi masiku a tchuthi cha matenda. Anthu atatu anali atachoka m'miyezi 14.

Ndinawakumbutsanso kumene dziko likulowera. Sweden inakhazikitsa lamulo loletsa kuzunzana kuntchito mu 1993. France inaika kuzunza maganizo a wantchito m'gulu la milandu mu 2002, ndipo mu 2019 khoti la ku Paris linapeza akuluakulu akale a kampani ya matelefoni ya France Télécom olakwa pa mlandu umenewu, pambuyo pa kudzipha kwa antchito ambiri m'zaka za 2008 ndi 2009. Chaka chomwecho cha 2019 bungwe la ILO linavomereza Pangano nambala 190 lokhudza nkhanza ndi kuvutitsana pantchito, limene linayamba kugwira ntchito mu 2021 ndipo limatchula mwachindunji kuvulaza maganizo komanso nkhanza zochitidwa chifukwa chakuti munthu ndi mkazi kapena mwamuna. Kunena zoona, sindikuganiza kuti mapanganowa ndi amene anawasuntha. Anasunthidwa ndi anthu atatu ochoka aja ndi ndalama zophunzitsira olowa m'malo mwawo.

Mwa antchito 19 a m'dipatimentimo, 16 anayankha. Kupatula awiri anga, enanso anayi anadutsa 33, malire osonyeza kuti munthu amachitiridwa zoterezi mwa apo ndi apo. Wofufuza wakunja anamva anthu 11 ndipo anatsimikizira madandaulo ambiri.

Kumbali ya uphungu, Mayi A ndinakumana nawo ka 12. Tinayamba ndi tulo, kenako kope la zochitika: tsiku, nthawi, mawu enieni, amene analipo. Kopelo linathandiza wofufuza, koma linathandiza kwambiri iwo eni, chifukwa munthu amene wauzidwa kwa chaka kuti akungoganiza amafunika kuona ndi maso kuti zinachitikadi. Ndinagwiritsa ntchito njira ya CBT mosamala. Njirayi imaphunzitsa munthu kufunsa maganizo ake ngati ali oona, ndipo ikagwiritsidwa ntchito mosaganiza pa munthu wopezereredwa imangobwereza uthenga wa womuzunza wakuti vuto lili m'mutu mwake. Ganizo lakuti "bwana akundisaka" sitinalitsutse, chifukwa linali loona. Tinalimbana ndi lakuti "ndine wolephera".

Ndi Bambo B tinayenda njira ina. Sitinkayamba ndi za mumtima. Tinkayamba ndi zochitika za sabatalo, maola a tulo, mabotolo, manambala a kuthamanga kwa magazi, ndipo zamumtima zinkalowera pakhomo limenelo zokha. Dokotala anawapatsa mankhwala. Akazi awo anabwera kawiri, ndipo ulendo woyamba anamva kwa nthawi yoyamba zimene amuna awo ankakumana nazo. Anawayang'ana n'kunena kuti, "Chaka chonse ine ndimayesa ndine ndakulakwirani." Bambowo sanayankhe, koma sabata lotsatira anandiuza kuti aka kanali koyamba m'miyezi yambiri kugona osamwa.

Mmene zinthu zilili patatha miyezi 9

Kapitawo uja analandira kalata yochenjeza, anatumizidwa kumaphunziro a utsogoleri, ndipo anasamutsidwira kunthambi ina. Kumeneko akuyang'anirabe anthu. Ndinalemba kuti sindikukhutira nazo, ndinapempha kuti antchito a nthambiyo adzafunsidwe mafunso omwe aja pakatha miyezi 6, ndipo sindinayankhidwe.

Mayi A anabwezeredwa ntchito yoyanjanitsa mabuku. PHQ-9 yawo inatsika kufika pa 5, GAD-7 pa 7. Amagona. Kompyuta ikalira kuti kwabwera imelo mtima umadumphabe, koma amati umakhazikika msanga. Mmodzi wa azimayi atatu aja anapepesa. Enawo amangopereka moni, ndipo nthawi yopuma mayiwa amakhala patebulo lawo.

M'kachitidwe kanga ndinasintha zinthu ziwiri. Fomu ikafika ndimayamba kuona amene wasaina ndi kufunsa ngati dipatimenti imeneyo yatumizapo wina chaka chimenecho. Ndipo mwamuna wotumizidwa chifukwa cha mowa, mwano kapena kujomba ndimamufunsa za Lolemba wake ulendo woyamba, osati wachinayi.

Bambo B maganizo ofuna kufa anawachoka mwezi wachitatu, ndipo kumwa kunatsika kwambiri. Koma kalata yawo yochenjeza sinachotsedwe mufailo. Kampani inati ngakhale anaputidwa, kukalipa anakalipadi. Makiyi aja sanabwezeredwe, chifukwa amene anapatsidwa sanalakwe kanthu. Mwezi wa 7 analemba kalata yosiya ntchito, atatumikira zaka 17, asanapeze ina. Ndinayesa kuwauza kuti adikire kaye. Anati pageti paja miyendo ikukanabe, kaya kapitawoyo alipo kaya palibe, chifukwa anyamata amene anamva zonse pa wailesi ija akadali pomwepo.

Ndinawaimbira foni mwezi watha monga mwa pangano lathu. Akugwira maganyu owerengera katundu m'malo angapo, akumwabe mankhwala, ndipo mawu awo anamveka opepuka. Tikumaliza anandifunsa ngati fomu imene inawatumiza kwa ine ikadali mufailo yawo kukampani kuja, ndiponso ngati ikunenabe za mowa. Ndinawauza kuti ndinalemba kalata yopempha kuti aikonze, ndipo kuti mpaka tsiku limenelo inali isanakonzedwe.